Tigalimoto ta limoti: liwiro lolembedwa pa katoni silimandikopa

Chaka chilichonse Novembala akamatha, ife a pa Joni timayamba kudzaza zikwama zamizeremizere zija zopita kumudzi. Mabulangete, nsapato za ana, mafuta ophikira, ndipo pamwamba pake katoni yonyezimira ya kagalimoto ka limoti yolembedwa zilembo zofiira kuti 70 km/h. Abale anga, nambala imeneyo ndi yomwe ikutidyera ndalama. Kagalimoto kodalirika ndi kamene mungakamasule ndi kupeza chosinthira chikathyoka. Zothamanga zimabwera pambuyo. Ndiponso pa zonse zomwe zili m'kagalimoto kodalirikako, chinthu chimene anthu amachinyoza kwambiri, mota wamba yotuwa ija, ndi chomwe chimakhalitsa kuposa zina.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe zimafanana pamaso. Pali zidole za m'mashopu a m'mamolo, ndiye pali zomwe eni masewerowa amagula ku mashopu awoawo. Chidole chimakhala ndi kabolodi kamodzi mkati komwe kamagwira zonse: kulandira uthenga wa limoti, kupereka mphamvu ku mota, kukhotetsa matayala. Kabolodiko kakapsa, basi, mwataya zonse. Cha eni masewero chimakhala ndi zigawo zoima pazokha. Pali receiver yolandira uthenga wa limoti, pali servo yokhotetsa matayala, pali ESC yomwe imagawira mota magetsi, ndipo chilichonse chimazulidwa n'kulowetsa china, ngakhale cha kampani ina. Mukakhotetsa limoti pang'ono, matayala amakhota pang'ono. Chidole chimangodziwa kumanja kotheratu ndi kumanzere kotheratu, n'chifukwa chake chimathera pakhoma tsiku la Khirisimasi lomwelo.

Mwa zenizenizo mulinso mitundu iwiri. Zina zimabwera zomangamanga, zija amati RTR, ndipo kampani ya Traxxas ya ku Texas ndi imene inatchuka nazo. Zina zimabwera ngati kit: timatumba ta ma screw, zigawo za pulasitiki zodula nokha, ndi kabuku ka zithunzi. Apa mwini bwalo ndi Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan, yomwe inatulutsa Porsche 934 ya limoti mu 1976. Grasshopper ndi Hornet anazitulutsa mu 1984, n'kudzayambanso kuzipanga m'zaka za m'ma 2000. Taganizani, kagalimoto kopangidwa koyamba ambiri mwa ife tisanabadwe, lero mukhoza kukagulira mkono wake watsopano wogwira tayala. Kudalirika komwe ndikunena ndi kumeneko.

Ine ndili ku mbali ya kit, ngakhale ndikudziwa kuti ili ndi zokwiyitsa zake. Mtengo wa pa katoni si mtengo wonse. Limoti, servo, batire, tchaja ndi penti mumagula padera, ndipo mukawonkhetsa mumapeza kuti RTR ina ikanakutsikirani. Komanso ma kit otsika mtengo, monga TT-02 yomwe inatuluka mu 2013, amabwera ndi mabushu a pulasitiki m'malo mwa mabeyaring'i. Izi sindizikonda ngakhale pang'ono. Mabushuwo amadyeka, matayala amayamba kugwedera, mota imavutika kukoka. Gulani paketi ya mabeyaring'i tsiku lomwelo logula kit, muwaike pomanga, chifukwa kuwaika pambuyo n'kumasulanso galimoto yonse mpaka ku difu, kabokosi ka timagiya togawira matayala mphamvu. Kagiya kakang'ono ka pa mota nakonso kamakhala ka aluminiyamu, kamaperepeseka n'kusandutsa girizi kukhala phala lotuwa lomwe limadya magiya ena. Kachitsulo n'kotsika mtengo, sinthani.

Nanga n'kuikonderanji ndi zonsezi? Chifukwa amene wamanga ndi manja ake saopa kumasula. Ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, ndipo tayala likaguluka sitinkapita kukalira kwa amayi, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulimanganso ndi mphira. Mwana amene wamanga difu yekha, kuika timagiya tija m'malo mwake n'kupaka girizi, akamva phokoso lachilendo amadziwa pomwe likuchokera. Wolandira yomangamanga amangoti yafa.

Tsopano za mota, pomwe pagona nkhani yanga.

Mota yomwe imabwera m'ma kit ambiri a Tamiya ndi ya saizi 540, yotuwa ngati chitini, ndipo azungu a kuno amaitchula kuti silver can. Mtundu umenewu unatchuka ndi kampani ya Mabuchi, ya ku Japan komweko. Mkati mwake mulibe zambiri: maginito awiri omatidwa ku chitini, chozungulira chokulungidwa waya wa kopa, ndi timabulashi tiwiri tomwe timakhudza pozungulirapo kupereka magetsi. Wayayo amakulungidwa maulendo 27, ndiye nambala mumaiona ija ya 27T. Nambalayi ikamatsika, mota imathamanga kwambiri, koma imamwanso magetsi ambiri n'kutentha msanga. Ya 23T imaposa ya 27T liwiro, ya 12T ya saizi yomweyo ndiye moto weniweni, ndipo mabulashi ake sachedwa kutha.

Anyamata amaiseka silver can kuti ndi ya agogo. Asekeni. Imalowa m'fumbi, imalowa m'matope, mumaitsuka, kudontheza kadontho ka oyilo kumapeto onse awiri a shafiti, n'kubwerera pabwalo. Tsiku lomwe mabulashi ake adzathe, yatsopano mtengo wake sufika pa wa matayala anayi. Ndipo chifukwa mphamvu yake ndi yoyenerana ndi magiya a pulasitiki omwe anaipangira, siithyola chilichonse.

Brushless ndi yabwino, sindikukana. Ilibe mabulashi otha, makoyilo ali ku chitini, maginito ndi omwe amazungulira, ndipo ESC ndi yomwe imasinthasintha magetsi. Pa mota payokha, brushless yabwino imakhalitsa kuposa ya mabulashi. Vuto ndi zomwe imachita ku galimoto yonse. Nambala ya kV yolembedwa pa iyo ikutanthauza maulendo omwe imazungulira pa mphindi pa voti iliyonse. Tengani ya 3500 kV, muipatse batire la LiPo la maselo awiri, 7.4 V. Ikuyandikira maulendo 26,000 pa mphindi isanasenze katundu. Muikemo la maselo atatu, 11.1 V, yadutsa 38,000. Mphamvu yonseyo ikudutsa pa shafiti ya pulasitiki, pa difu ya pulasitiki, pa timikono ta pulasitiki, kenako n'kukakumana ndi njerwa ya m'mbali mwa msewu. Mota imatuluka yamoyo, zina zonse zili mbwee.

Ndiye pali ma brushless opanda dzina omwe amabwera m'tigalimoto totchipa tolembedwa liwiro lalikulu tija. Mota yokha mwina si yoipa kwenikweni. Chomwe amachepetsapo ndalama ndi ESC, ndi mabeyaring'i a mkati mwa mota, ndi mawaya owonda. ESC yotere ikatentha ilibe nzeru yodzizimitsa, imangofuka utsi.

Komabe tinene chilungamo, mamota ambiri saafa okha, amaphedwa. Chowapha ndi kutentha, ndipo kutenthako timakuitana tokha. Ambiri mwa ife timagwira ntchito m'mayadi a ku Randburg, Fourways ndi Sandton, tikuidziwa kapinga wa kikuyu mmene amakhalira wothithikana. Kagalimoto ka pa tara mukakalowetsa pa kapinga wotere, matayala amamira, mota imakoka ngati ikukwera phiri nthawi yonse. Wina amaikanso kagiya ka mano ambiri pa mota kuti liwiro likwere, wina matayala aakulu kuti kaoneke kaukali. Zonsezi ndi katundu pa mota. TT-02 imabwera ndi kagiya ka mano 22 ndi giya yaikulu ya mano 70, ndipo amene anasankha manambala amenewo sanali wopusa. Maginito akapsa amataya mphamvu ndipo sibwerera, ngakhale mota itazizira. Njira yoyezera ndi yachikale: yendetsani mphindi zisanu, ikani chala pa mota. Ngati simungapirire kuwerenga mpaka 5, yatentha mopitirira. Chepetsani mano a kagiya, kapena chokani pa udzupo.

Joni nayenso ali ndi zake. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kuli gwa, fumbi lokhalokha, makamaka madera a kummwera oyandikira milu ya mchenga wa m'migodi. Fumbi losalala limenelo likasakanikirana ndi girizi limapala magiya. Musapake girizi pa magiya omwe ali poyera. Udzu wouma umakulungika pa ma axle, beyaring'i n'kugwira. Dzinja likafika, mvula ya masana ija yobwera ndi ziphaliwali imasiya zithaphwi, ndipo katoni imati waterproof. Zotetezedwa ku madzi ndi zamagetsi zokha, monga ESC ndi servo. Mabeyaring'i ndi ma screw amachita dzimbiri ngati simunapukute ndi kuthira oyilo madzulo omwewo.

Za injini za mafuta, zija za nitro zolira ngati njuchi, ndingonena mwachidule: musatumize kumudzi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yochunidwa kuno imapatsidwa mafuta ochepa. Ikatsikira ku Salima kapena ku Mangochi kunyanja, mpweya wachuluka, mafuta achepa, injini imatentha mpaka kuwonongeka ngati palibe woichunanso. Mafuta akenso si petulo, ndi osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo. Mukawapeza pa golosale iti ku Ntcheu?

Batire ndi pomwe ndimachita mantha kwenikweni. LiPo ndi lopepuka, lamphamvu, koma silikhululuka. Selo iliyonse imadzadza pa 4.2 V, siyenera kutsika pansi pa 3.0 V, ndipo ngati likhala osagwira ntchito liyenera kusungidwa pa 3.8 V. Limafuna tchaja yake yoyang'ana selo iliyonse payokha. Likatupa kapena kubooka limayaka moto wovuta kuzimitsa. Tsopano lingalirani batire lotere lodzadza, lili pansi pa katundu mu ngolo ya basi, padzuwa la pa Beitbridge pomwe mabasi amaima maola ambiri, kenako kutentha kwa ku Tete, mpaka kukafika pa Mwanza. Likafika bwino, likukalowa m'nyumba momwe adzalitchaja mwana wa zaka khumi, pa mphasa, akuluakulu ali kumunda. Ayi ndithu. Kwa mwana wa kumudzi gulani batire la NiMH la maselo 6, la 7.2 V. Ndi lolemerako, liwiro limachepako, koma limapirira nkhanza. Posankha tchaja, funani yolandiranso 12 V, kuti magetsi akathima kapena komwe kulibiretu azitchajira ku batire la sola kapena la galimoto.

Ogulitsa ena adzakuuzani kuti zonse zili ndi galanti. Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limapereka miyezi 6 yobweza katundu wopezeka ndi vuto, choncho lisiti musataye. Koma lamulolo silikhudza galimoto yomwe yawombedwa pa chipupa, ndipo silingakuthandizeni katundu ali ku Dedza, shopu ili ku Johannesburg. Ine funso langa kwa wogulitsa limakhala limodzi, ndisanafunse n'komwe za mtengo: mkono wa kutsogolo wa kameneka muli nawo? Akatsegula kabati n'kuutulutsa uli m'kathumba kake kokhala ndi nambala, tikambirana. Akayamba kunena kuti sikathyoka kameneka bwana, ndimatuluka. Kalikonse kamathyoka.

Ndiye m'chikwamamo, pambali pa kagalimotoko, ikanimo timikono tiwiri ta kutsogolo, giya yaikulu imodzi, silver can ina yapadera, ndi timapini togwira bodi tija tomwe timasowa tsiku lililonse. Zonsezi zimakwana m'thumba la shati. Ikanimonso screwdriver yoyenera. Ma screw a ma kit a ku Japan ndi a muyezo wa JIS, amaoneka ngati a Phillips koma si amodzi, ndipo screwdriver wamba imaterereka n'kudya mutu wa screw.

Ndikudziwa kuti ena mundiyankha kuti mwana wa masiku ano amaonera mavidiyo pa YouTube, adzatopa nako kagalimoto koyenda pang'onopang'ono. Poyamba, silver can pa bwalo la fumbi la kumudzi si yochedwa monga mukuganizira, mwana wongoyamba imamukwanira n'kutsalako. Kachiwiri, ubwino wa galimoto yomasulika ndi woti liwiro limagulidwa pambuyo. Akadziwa kukhota osagunda nkhokwe, Disembala winayo mumutengere mota ya Torque Tuned ya 25T kapena Sport Tuned ya 23T. Zimalowa pamalo omwewo ndi ma screw awiri omwewo, ndipo adzaisintha yekha inu mukumwa tiyi.