Babu si thadzi abale

Lero ndiye ndapsa mtima zenizeni. Alamu anga thadzi lawo linathawa mazira litafungatira masiku 9 okha, iwo m'malo mofunsa anangotola mazira onse 12 kuponya mu katoni n'kulendewetsa babu pamwamba, ati anaonera pa TikTok. Lero akundiitana, "alamu tabwerani mudzaone bwanji sakuswa." Ndisanalowe n'komwe fungo landilandirira pakhomo. Onse asukusa, ena mpaka kupsa mbali imodzi.

Abale inu babu si thadzi. Dzira limafuna kutentha kwa madigiri 37.5 usana ndi usiku kwa masiku 21, osati masana ng'anjo usiku chisanu magetsi akathima. Limafuna kutembenuzidwa katatu kapena kasanu patsiku mpaka tsiku la 18, limafunanso kachinyezi kuti mwanapiye asamatirire ku chigoba, ndiye inu mulibe ngakhale thermometer mukungoyeza ndi chikhatho ngati mukuona malungo a mwana, mukuti chituluke chani? Babu ilibe nthenga. Babu sitembenuza dzira. Babu imangowotcha basi.

Zoti nkhuku imathawiranji chisa sindichedwapo, kawirikawiri ndi utitiri, agalu, ana osokoneza kapena kamsoti koyamba kumene kufungatira. Enanso mumangopupuluma, nkhuku ikatsika mphindi 20 kapena 30 kukadya ndi kusamba fumbi mwayamba kale kukuwa kuti yathawa. Siinathawe, nayonso imamva njala.

Koma ikathawadi, mazira a nkhuku apatseni nkhuku. Pezani thadzi lina lomwe layamba kufungatira masiku ofananako, lanu kapena la aneba, mulowetse mazirawo usiku kuli zii, mutalemba chizindikiro ndi pensulo kuti anu muwadziwe. Nkhuku siwerenga, kwa iyo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kungoti musaiunjikire, mazira 10 kapena 12 akwana, opitirira pamenepo a m'mphepete amazizira. Ngakhale bakha kapena nkhukundembo imagwira ntchitoyi kuposa katoni yanuyo. Ndipo yambani mwawaunika ndi tochi mumdima, la mitsempha yofiira ngati ukonde wa kangaude lili moyo, loyera mbee tayani. Alamu anga nkhuku yofungatira inali kwanga konkuno, mpanda umodzi, koma ayi anakhulupirira foni.

Inunso a timavidiyo mumanditopetsa. Mumaonetsa anapiye ali psipsipsi mu katoni, koma mazira omwe anaola simuwajambula bwanji? Usiku umene munadzuka kanayi kuyang'ana kutentha mumaudula bwanji? Anthu akutaya mazira abwinobwino chifukwa cha ma like anu.

Ndipo katoni ija anabwereka kwa ine, pano ikununkha sindingaikemonso kanthu.