Zilombo za odula mitengo a ku America sizinali zoseketsa chabe

Anthu ambiri akamva za zilombo zimene odula mitengo a ku America ankasimba m'zaka za m'ma 1800, amaziona ngati mabodza ongotayitsa nthawi, koma ine ndimakhulupirira kuti nkhanizi zinasenza mantha enieni a amuna ogwira ntchito yoika moyo pachiswe. Amunawa ankatha nyengo yonse yachisanu m'misasa ya m'nkhalango za Maine, Michigan, Wisconsin ndi Minnesota, kutali ndi mabanja awo, ndipo madzulo akamaotha moto, akuluakulu ankapangana zoopseza anyamata obwera kumene. Wina ankayamba kufotokoza chilombo, mnzake n'kuikira umboni kuti nayenso anachionapo, mpaka mnyamatayo n'kukhulupirira.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi agropelter. Ankati chimakhala m'mphako za mitengo, chili ndi mikono yaitali yoonda ngati chikwapu, ndipo munthu akamadutsa pansi chimathyola nthambi youma n'kumugenda nayo pamutu. Chilombocho n'chopeka, koma nthambizo zinkagwadi mosayembekezeka, n'kupha anthu ali pakati pa ntchito, akazi awo n'kutsala amasiye. Mnyamata amene wagona atamva za agropelter ankalowa m'nkhalango m'mawa maso ali kumwamba, akuunika mtengo uliwonse wofumbwa asanadutse pansi pake, ndipo sindikuganiza kuti malangizo a kapitawo akanamulowa mumtima chonchi. N'chimodzimodzinso hidebehind, chimene ankati chimabisala kuseri kwa mtengo mwachangu moti ngakhale munthu atembenuke msanga bwanji sangachione. Munthu akapanda kubwerera kumsasa, anzake ankati chamudya ndi chimenechi, ndipo kwa ine imeneyi inali njira yawo yotchulira imfa ya mnzawo amene sanathe kumuika m'manda.

Tikudziwa zambiri mwa nkhanizi chifukwa William T. Cox, katswiri wa zankhalango, anazisonkhanitsa m'buku limene linatuluka mu 1910, ndipo Henry H. Tryon anatulutsa lina mu 1939.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chilombo chotchuka lero ndi hodag, ndipo chinatchuka kudzera m'chinyengo. Mu 1893, Eugene Shepard wa ku Rhinelander, m'chigawo cha Wisconsin, analengeza kuti wachipeza, ndipo mu 1896 anachionetsa pachionetsero m'hema mwamdima, pamene chinali chosema chamtengo chovekedwa chikopa ndi nyanga, chogwedezedwa ndi mawaya. Masiku ano tauniyo imanyadira hodag, inamuimikira chiboliboli chobiriwira, ndipo alendo amafika kudzajambulitsa. Zimenezo sindikuzitsutsa, pakuti anthu a kumeneko ayenera kudya. Koma odula mitengo ankati hodag anatuluka m'phulusa la ng'ombe zokoka zipika, zimene zinkatenthedwa zikafa pambuyo pozunzika ndi kutukwanidwa moyo wawo wonse, ndipo ndikanakonda mlendo aliyense wojambulitsa pachiboliboli chija akanauzidwa kaye za ng'ombezo ndi za amuna amene ankaziyendetsa m'chipale chofewa.