Tisathamangire kunena kuti chamba chimachiza mtima wovulala

Abale anga, chiyambire pomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 kuti chamba chizilimidwa kaamba ka mankhwala ndi mafakitale, ndakhala ndikumva ena akulangiza anthu amene anadutsa m'zoopsa kuti angosutako, agona bwino. Ati ngakhale asilikali a ku America ndi Canada akutero. Malangizo amenewa akundidetsa nkhawa.

Matenda amene madokotala amawatcha PTSD, ovutitsa maganizo a munthu amene anadutsa m'zoopsa, ndi enieni. Amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ena mpaka lero mvula ikangogunda pa malata thupi lonse limanjenjemera, tulo osabwera, akagona maloto ndi omwewo. Munthu wotere akafunafuna chomugonetsa, ine sindingamudzudzule.

Koma kafukufuku wapeza chiyani? Ku America anayesa asilikali opuma 76 kwa masabata atatu, ena kuwapatsa chamba chenicheni, ena chochotsedwa mphamvu. Zotsatira zinatuluka mu 2021: onse anapezako bwino, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni pakati pawo. Mu 2023 nthambi yosamalira asilikali opuma m'dzikolo, pamodzi ndi unduna wa zachitetezo, inalangiza madokotala kuti chamba asachigwiritse ntchito pa PTSD. Ku Canada mapilitsi a nabilone, opangidwa motsanzira THC (chinthu cha m'chamba chimene chimazunguza bongo), anachepetsadi maloto oipa, koma pa kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiriyo panali asilikali 10 okha. Komanso amenewo ndi mankhwala oyezedwa mlingo, osati fodya wamkulu wogula kuseri kwa msika, yemwe mphamvu yake palibe akuidziwa.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti matendawa amazika mizu munthu akamathawa kukumbukira, ndipo utsi umangomuthandiza kuthawako. Ukatha, zoopsa zija zili pompo. Kwa achinyamata ena, THC wambiri amasokonezeratu mutu. Chithandizo chimene chaonetsa kuti chimagwira ntchito ndi kukhala pansi ndi katswiri, kubwerera pang'onopang'ono ku zomwe zinachitika mpaka mantha atachepa, mwina pamodzi ndi mankhwala monga sertraline.

Ofufuza apitirize kufufuza, ine sindikukana. Koma mayi wa ku Phalombe sangafike ku chipatala cha matenda a m'maganizo cha Zomba kapena cha St John of God sabata iliyonse. Ngati boma likupeza ndalama pa malaisensi a chamba, gawo lina liphunzitsire alangizi a zamaganizo oti azikhala pa zipatala zazing'ono za m'maboma amene Freddy anasakaza.