Si masamu onse amene ali "ganizo chabe"

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuwerenga zigamulo za ku America pa nkhani ya patenti za machine learning (luso lophunzitsa kompyuta kudzera m'zitsanzo zambirimbiri), ndipo pali mawu awiri amene afika pondikwana: "abstract idea". M'Chichewa tingati ganizo chabe, chinthu cha m'mutu chimene sungachigwire m'manja. Munthu watha zaka akukonza njira yatsopano yophunzitsira kompyuta, walipira loya ndalama zankhaninkhani, wadikira mpaka kutopa, kenako kalata imabwera yomuuza kuti zimene wapangazo ndi masamu basi, ndipo masamu alibe mwini. Zoti masamu alibe mwini sindikutsutsa. Chondipweteka n'chakuti mawu awiriwa asanduka chikwanje cholimira m'munda monse, chodula udzu ndi chimanga chomwe.

Kwa amene simunazizolowere, patenti ndi pangano la boma ndi wopanga chinthu. Iwe ulula poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, boma likupatsa zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho kuti wina asachipange kapena kuchigulitsa usanalole. Ku America khomo loyamba ndi ndime 101 ya lamulo la patenti. Ndimeyo ndi yaifupi, ndipo mawu oti "abstract idea" mulibemo. Anawabweretsa ndi majaji, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. M'zaka za m'ma 1850, Samuel Morse, mkulu wa telegalafu uja, anafuna kuti njira iliyonse yotumizira zilembo patali pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi ikhale yake, ngakhale njira zimene iye sanazilotepo. Khoti lalikulu linamulola kusunga makina ake koma linakana gawo laumbombolo. Pamenepo ndilibe nawo mlandu majaji.

Mavuto a lero anayamba mu 2014, pa mlandu wa Alice Corporation ndi CLS Bank. Alice inali ndi patenti ya njira yoika mkhalapakati pa malonda kuti wina asalandire katundu n'kuthawa osalipira. Ndi nzeru yakalekale, imene aliyense wogulitsa ng'ombe kudzera mwa mboni amaidziwa, kungoti Alice anaiika pa kompyuta. Majaji onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu anagwirizana kuikana. Anatsatira mayeso a magawo awiri ochokera ku mlandu wa Mayo wa 2012: choyamba, kodi pempholi lakhazikika pa ganizo chabe? Chachiwiri, ngati ndi choncho, pali china chowonjezera chooneka kuti ndi luso? Koma Jaji Clarence Thomas, amene analemba chigamulocho, ananena poyera kuti khotilo silivutika n'kulongosola malire enieni a ganizo chabe. Anasiya mawu opanda mpanda, ndipo aliyense wobwera pambuyo wakhala akuzika mpanda pamene akufuna.

Tsono taganizirani machine learning. Mkati mwa neural network, mtundu wa pulogalamu imene imaphunzitsidwa motere, mulibe china koma manambala ochulukitsidwa ndi kuphatikizidwa kambirimbiri. Kuiphunzitsa ndi kusintha manambalawo pang'onopang'ono mpaka zolakwa zitachepa. Wofufuza pempho akafuna kulikana, njira ndi yapafupi: aloza pa masamu, anena kuti gawo ili munthu angalichite m'mutu kapena ndi pensulo ndi pepala, ndiye kuti zotsalazo ndi kompyuta wamba. Mu Januwale 2019 ofesi ya patenti ya USPTO inayesa kukonza zinthu poika magulu atatu a ganizo chabe: masamu, njira zina zoyendetsera zochita za anthu, ndi zimene zingachitike m'maganizo. Inaperekanso chitsanzo nambala 39, cha kuphunzitsa neural network kuzindikira nkhope, n'kunena kuti chimenecho n'chololedwa chifukwa pempholo silitchula masamu mwachindunji. Mu Julaye 2024 kunabwera chitsanzo nambala 47, m'mene pempho lotchula maina a njira za masamu zophunzitsira linaonedwa kuti lalowa m'gulu la masamu. Kodi mukuona zimene zikuchitika apa? Amene wabisa mmene makina ake amaphunzirira akudutsa mosavuta, amene wafotokoza bwino akukodwa. Chonsecho cholinga chenicheni cha patenti n'chakuti anthu aulule.

Musandimve molakwa, pali mapempho oyenera kugwa. Mu Epulo 2025 khoti la apilo la Federal Circuit linagamula mlandu wa Recentive Analytics ndi Fox. Recentive inali ndi patenti zinayi zogwiritsa ntchito machine learning pokonza ndandanda ya zochitika ndi kusankha pulogalamu iti ionetsedwe pa wailesi yakanema ya dera liti. Kampaniyo inavomera yokha kuti sinapange njira yatsopano yophunzitsira kompyuta, ndipo zikalata zake zinkati njira iliyonse yoyenera ingagwiritsidwe ntchito. Jaji Timothy Dyk analemba kuti kungotenga machine learning yodziwika kale n'kuiponya pa ntchito ina sikokwanira, ngakhale itagwira ntchitoyo mofulumira kuposa munthu. Ine ndikugwirizana ndi mapeto amenewo. Patenti zotere ndi chikomekome cha mkuyu. Zikanaloledwa, wina akanalemba "machine learning yolosera mitengo ya fetereza", wina "yolosera odwala m'chipatala", aliyense kudzidulira munda umene sanalimepo, n'kumadikira pachipata kuti olima enieni amulipire.

Komabe funsani bwino: vuto la Recentive linali chiyani kwenikweni? Linali lakuti ganizolo linali loonekeratu kwa aliyense wodziwa ntchitoyi, komanso kuti sanafotokoze mmene zimachitikira. Mafunso amenewo ali ndi ndime zawozawo m'lamulo lomwelo. Ndime 102 imafunsa ngati chinthucho n'chatsopano. Ndime 103 imafunsa ngati katswiri wamba akanachiganiza mosavuta. Ndime 112 imafunsa ngati walongosola mokwanira kuti wina achipange. Kuti ukane pempho ndi ndime zimenezi uyenera kutuluka thukuta, kufukula zolembedwa zakale, kuonetsa kuti uje anachita kale izi m'chaka chakuti. Wopemphayo naye amakhala ndi poyankhira, chifukwa umboni uli patebulo. Ndime 101 sifuna zonsezo. Umangonena kuti ndi ganizo chabe, ndipo mnzakoyo amatsala akulimbana ndi mphepo.

Chimene chinandionetsa kukula kwa nthendayi ndi pempho la akatswiri a DeepMind, kampani ya Google, lodziwika ndi dzina la Desjardins. Neural network ili ndi chilema chodziwika: ukaiphunzitsa ntchito yachiwiri, imaiwala yoyamba. Njira yawo imayeza kuti ndi manambala ati amene anali ofunika kwambiri pa ntchito yoyamba, n'kuwateteza kuti asasunthe kwambiri pophunzira yachiwiri. Zotsatira zake, makina amodzi amagwira ntchito zingapo, malo osungira amachepa. Kumeneku ndi kukonza makinawo enieniwo, monga mmene makaniko angakonzere injini kuti isamadye mafuta ambiri. Komatu bungwe la apilo la m'kati mwa ofesiyo linadzutsa lokha chifukwa chatsopano chokanira, n'kunena kuti ndi masamu. Mu Seputembala 2025, mkulu watsopano wa ofesiyo, John Squires, atangokhala masiku ochepa pampando, anakhala pa gulu lounikanso ndipo linachotsa kukana kumeneko. Ananenanso kuti ndime 102, 103 ndi 112 ndizo zida zoyenera zochepetsera patenti. Chosangalatsa n'chakuti pempholo silinadutse basi ayi: kukana kwa pansi pa ndime 103 kunatsala. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Likagwa, ligwe chifukwa wina waonetsa kuti linali loonekeratu, osati chifukwa muli kuchulukitsa ndi kuphatikiza.

Ena munena kuti ndiye zatheka, mkulu wakonza. Sizinathe. Malangizo a ofesi samanga makhoti. Ukhoza kulandira patenti lero chifukwa ofesi yafewa, mawa wopikisana naye n'kukaigwetsa kukhoti ndi mayeso a Alice omwewo. Mkulu wina akadzabwera, mphepo idzatembenukanso. Ndipo chisokonezochi sichili pa makompyuta okha. Pa mlandu wa American Axle, njira yopangira shafti ya galimoto kuti isamanjenjemere, chitsulo chenicheni chimene ungapunthwe nacho, inakanidwa poti ndi lamulo la chilengedwe. Mu 2020 majaji a Federal Circuit anagawanika 6 kwa 6 pa zoti aunikenso mlanduwo, ndipo mu 2022 khoti lalikulu linakana kuumva. Masenata Thom Tillis ndi Chris Coons akhala akubweretsa bilu yofuna kulemba malirewo momveka kuyambira 2023, ndipo ndi njira yokhayo imene ndikuiona kuti ingakhazikitse zinthu.

Amene akulira kwambiri pamenepa si Google. Kampani yaikulu ili ndi maloya okwanira kuchita apilo zaka ndi zaka, ndipo ikatopa imangotseka pakamwa, njira yake n'kukhala chinsinsi cha kampani m'makompyuta ake amene palibe wakunja angasuzumiremo. Wovutika ndi anyamata ndi atsikana atatu amene ali ndi njira imodzi yabwino, akufuna wowaikira ndalama, ndipo wowaikirayo akufunsa kuti chimene chingaletse kampani yaikulu kukopera n'chiyani. Loya wawo sangawayankhe motsimikiza, chifukwa yankho limadalira wofufuza amene pempho lagwera ndi majaji atatu amene adzakhale pa mlanduwo tsikulo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu olemba mapulogalamu simufuna n'komwe kumva za patenti. Mumati zida zimene tonse timagwiritsa ntchito, monga PyTorch ndi TensorFlow, tinapatsidwa ulere, ndipo ntchitoyi yakula chifukwa anthu amagawana. Maganizo amenewo ndimawalemekeza, ndipo nthawi zina ndimapendekera komweko. Ngati dziko la America likufuna kuti mapulogalamu asakhale ndi patenti, aphungu awo alembe zimenezo m'lamulo, aliyense adziwe asanawononge ndalama zake. Chimene sindingachivomereze ndi kumuuza munthu kuti khomo n'lotsegula, kulandira ndalama zake za pempho, kenako kumubweza ndi mawu amene khoti lalikulu lenilenilo linakana kuwamasulira.