Damu la Kariba: Zimene Atonga Anapeza ku Zambia ndi ku Zimbabwe

Damu la Kariba linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linasamutsa Atonga a m'chigwa cha Zambezi pafupifupi 57,000, ambiri mwa iwo a tsidya la kumpoto komwe lero ndi Zambia. Makina oyamba opangira magetsi anaikidwa tsidya la kummwera, komwe lero ndi Zimbabwe, pomwe a ku Zambia anayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Komabe magetsiwo analunjika ku migodi ya Copperbelt ndi ku mafakitale a m'mizinda, mawaya n'kumadutsa pamwamba pa midzi ya anthu amene minda yawo inamira.

Pamene maiko awiriwa anasiyana kwenikweni ndi pa nsomba. Boma la Northern Rhodesia (lero Zambia), atalikakamiza akuluakulu a Atonga a m'chigwa cha Gwembe, dera lomwe linakhudzidwa ndi damuli, linavomera kuti usodzi wa m'mphepete mwa nyanja yatsopanoyo ukhale wa anthu akuda, ndipo linatsegula malo ophunzitsira asodzi ku Sinazongwe, kotero kuti mabanja ena anagula ng'ombe ndi makasu a ng'ombe ndi ndalama za nsomba. Boma la Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) linagawa gombe potengera khungu, madera ambiri n'kuwapereka kwa makampani a azungu ndi kumalo osungirako nyama. Sikuti kumpoto kunali mtendere ayi, pakuti mu 1958 apolisi anawombera ndi kupha anthu asanu ndi atatu a Mfumu Chipepo omwe ankakana kusamuka, ndipo otsalawo boma linakawasiya ku dera la Lusitu, komwe nthaka inaguga msanga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi ziweto.

Maikowa atalandira ufulu, Zambia inavomereza, ngakhale mochedwa kwambiri, kuti ili ndi ngongole kwa Atonga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kudzera ku kampani ya magetsi ya ZESCO, inayambitsa ntchito yomanga zipatala ndi sukulu, kukumba mijigo ndi kufikitsa magetsi m'madera ena a Gwembe, ngakhale ndalama zake zinali zopereŵera. Zimbabwe inadalira nyama zakutchire. Pansi pa ndondomeko ya CAMPFIRE, yomwe inayamba mu 1989 m'maboma ngati Nyaminyami, makhonsolo amalandira gawo la ndalama zimene alenje akunja amalipira. Njirayi ine ndimaiona yofooka, chifukwa phindu lake silichokera ku damu lomwe linawalanda malo, ndiponso njovu zomwezo zimaononga mbewu za alimi. Boma la Binga, komwe kumakhala Atonga ambiri a ku Zimbabwe, likadali m'gulu la maboma osauka kwambiri m'dzikolo.

Kapenta, nsomba zing'onozing'ono zonga usipa, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960, amapindulitsa mbali zonse ziwiri, koma mabwato ake a injini ndi nyali amafuna mpamba waukulu, choncho eni ake ambiri ndi obwera, ndipo Atonga amangolembedwa ganyu yokoka maukonde usiku.