Chenjezo: mukazunza chiweto, apolisi atenga ndi galimoto yomwe

Ana inu, tamverani, makamaka inu onyamula ziweto ndi inu amene mumazigwiritsa ntchito. Mwazolowera kulonga ng'ombe m'lole mpaka ina kugwa n'kumapondedwa ndi zinzake ulendo wonse. Mbuzi mumazinjata miyendo n'kuziunjika, za pansi zikulephera kupuma. Bulu ali ndi chilonda pamsana, inu kumumangirira ngolo yodzaza n'kumamukwapula pachitunda. Ena mumatsekera galu m'galimoto dzuwa likuswa mtengo, mawindo onse otseka. Munthu akati akudzudzuleni, yankho lanu ndi limodzi: "Munandigulira ndinu?"

Yankho limenelo mudzaliyese kwa wapolisi, mudzaone.

Malamulo oteteza zinyama si a dzulo. Ku Britain anakhazikitsa lamulo la Protection of Animals Act mu 1911, ndipo maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi dzikolo analemba awo motengera lomwelo. Kenya ndi South Africa anakhazikitsa malamulo awo mu 1962. Lamulo la 1911 lija linatchula poyera kumenya, kusenzetsa katundu wopyola muyezo, kugwiritsa ntchito nyama mopitirira mphamvu zake, ndi kuinyamula m'njira yoipweteka popanda chifukwa. Koma mfundo imene ambiri simuidziwa ndi iyi: munthu woyendetsa galimoto kapena ngolo akamangidwa pa mlandu wotere, lamulolo linapatsa wapolisi mphamvu yotenga nyamayo pamodzi ndi chonyamuliracho n'kukazisunga pamalo otetezeka mpaka mlandu uthe, kapena mpaka khoti litalamula kuti zibwezedwe.

Mpaka mlandu uthe. Inu amene munakhalapo pa benchi ya kukhoti mukudziwa kuti milandu siithamanga. Lole imene imakudyetsani ili chiimire, matayala akuphwa, amene anakupatsani ngongole yogulira akufuna zake mwezi ndi mwezi, makasitomala apita kwa ena. Ziweto nazo zikudya, zikumwa, dokotala wa ziweto akuzipatsa mankhwala, ndipo mlandu ukakugwerani ndalama zonsezo amalipitsa mwiniwake. Munkafuna kupulumutsa mafuta a ulendo umodzi polonga ziweto za maulendo awiri. Werengani nokha.

Ndipo inu eni magalimoto, amene mumakhala kunyumba n'kumatuma anyamata, musaganize kuti mwazemba. Lamulo la 1911 lija linati mwini chiweto amene sanayang'anire bwino kuti chisazunzidwe amatengedwa kuti analoleza nkhanzazo. Kunena kuti "ine kunalibeko" sikukuthandizani. Bulu wa chilonda uja munamuona m'mawa akumangidwa, munangoyang'ana kumbali.

Palinso china chowawa kuposa apa. Nyama ikavulala kwambiri moti kuisiya ndi moyo n'kuizunza, wapolisi amaitana dokotala wa ziweto. Dokotalayo akatsimikiza molemba, nyamayo imaphedwa ngakhale mwiniwake asavomere. Ng'ombe yothyoka msana m'lole siidikira kuti bwana abwere adzakambirane.

Ku England ndi Wales anakhwimitsanso zinthu ndi lamulo la Animal Welfare Act la 2006, limene linalowa m'malo mwa la 1911 lija. Kumeneko sadikira kuti nyama ivutike kaye. Dokotala akatsimikiza kuti ikhoza kuvutika zinthu zikapanda kusintha, wapolisi kapena woyendera zinyama amaitenga, ndipo ngati nthawi yodikira dokotala palibe, amaitenga pomwepo. Ngati ili ndi ana oyamwa, amatenga ndi anawo. Wapolisi wovala yunifomu akhoza kuimitsa galimoto ndi kuisunga kuti afufuze m'kati. Khoti likhoza kukulandani ziwetozo mpaka kalekale, n'kukuletsani kuweta, kugulitsa kapena kunyamula nyama. Kuyambira mu 2021 chilango chachikulu cha nkhanza kwa zinyama kumeneko chinakwera kuchoka pa miyezi 6 kufika zaka 5 m'ndende. Tangoganizani munthu amene ntchito yake yonse ndi ya ziweto, khoti n'kumuuza kuti asadzakhudzenso chiweto.

Ndikudziwa zimene ena munene: kuti kwanuko apolisi salabadira zimenezi, kuti mwadutsa pa marodibuloko kambirimbiri popanda wofunsa. Chakudza sichiimba ng'oma. Lamulo kukhala losagwiritsidwa ntchito kawirikawiri sindiye kuti linafufutidwa. Masiku ano aliyense ali ndi foni ya kamera m'thumba, ndipo kanema wa mbuzi zounjikana akangofalikira pa Facebook, wapolisi yemwe ankakudutsitsani uja ndi amene adzakuimitseni. Mabungwe oteteza zinyama nawo sagona, m'maiko ena oyendera awo amapatsidwa mphamvu zolanda nyama ndi kutengera munthu kukhoti.

Zofunikazo si zovuta ayi. Chiweto chodwala, chovulala kapena chotsala pang'ono kubereka musachikweze. Chilichonse chikhale ndi malo oimirira, pansi pasakhale poterera, mpweya uzilowa. Pa ulendo wautali imani, muzimwetse madzi, muone ngati ina yagwa. Zazikulu musazisakanize ndi zazing'ono.

Tsiku limene adzakuimitseni, musalimbane ndi wapolisi kapena kuyesa kuthawitsa galimoto, chifukwa kumutsekereza pa ntchito yake ndi mlandu wina pawokha. Funsani kuti akulembereni zonse zimene watenga, chiwerengero cha ziweto, ndi kumene akukazisunga. Zotsalazo mukazinene pamaso pa woweruza.