Kalata ya Aepiskopi ya 1992 sinalembedwere boma lokha

Lenti ikangoyamba, pa Facebook pamadzaza mawu otamanda Aepiskopi athu a 1992, ndipo ayeneradi kutamandidwa. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata yawo inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse, nthawi imene munthu ankayamba wacheuka kaye asanatchule dzina la Kamuzu. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Ambuye James Chiona ndi anzawo anakafunsidwa kupolisi kwa maola ambiri. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Bambo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anapirikitsidwa m'dziko muno. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Chondipweteka n'chakuti timakumbukira theka la kalatayo. Timakumbukira za ufulu wolankhula ndi za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Koma Aepiskopi aja analankhulanso za mpata umene unkakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira kudyetsa banja, za ana odzazana m'makalasi, za odwala osowa chithandizo. Zipani tinazipeza. Mbali inayo idakali pomwepo, ndipo ina mwa iyo siili ku Capital Hill. Ili m'manja mwathu ife amene timafola pamzere wa Ukaristia.

Werengani Amosi mutu 8. Mneneriyu sakudzudzula anthu osapemphera ayi. Akudzudzula anthu osunga Sabata, koma mumtima akufunsa kuti Sabata litha liti kuti akatsegule malonda, achepetse muyeso, akweze mtengo, abere pa sikelo, agulitse ndi zinyalala za tirigu zomwe. Ndani mwa ife sadziwa sikelo imeneyi? Epulo ndi Meyi akafika imapachikidwa pansi pa mtengo pa msika uliwonse wakumudzi. Mayi wabwera ndi soya kapena chimanga, fizi ya mwana ikumudikira, ngongole ya feteleza ikumudikira. Thumba limene linamuthyola khosi panjira likafika pa sikelo lapepuka. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, koma wogula amangoti, "Ngati simukufuna pitani kwina," akudziwa kuti kwinako kulibe. Januwale akafika, mayi yemweyo akugula chimanga chomwecho pa mtengo woboola m'thumba, ndi ndalama ya ganyu kapena ya katapila. Ena mwa eni sikelozi ndi Akhristu anzathu, ena ndi atsogoleri a mphakati, ndipo pa tsiku la zokolola ndi amene amabweretsa matumba ambiri kuguwa. Timawaombera m'manja osafunsa kuti matumbawo anadzaza bwanji.

Ndisaloze chala mavenda okha. M'tauni muno, mabanja ambiri achikatolika tili ndi mtsikana wantchito amene tinakamutenga kumudzi, kapena mlonda wogona panja m'chisanu cha Juni. Deuteronomo 24 akuti waganyu wosauka umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pa ndalamayo. Yakobe 5 akuti malipiro amene munawamana okolola m'minda mwanu akufuula, ndipo kulira kwawo kwafika m'makutu a Ambuye. Mawu amenewa safuna katswiri wa Malembo kuti awamasulire. Komabe mwezi ukatha timati, "Dikira kaye, zinthu sizili bwino," pamene ya mafuta a galimoto ndi ya chitenje cha bungwe yapezeka. Mtsikanayo amatsala akuphika ife tili ku Misa, ndipo sitidafunsepo kuti iye adzapemphera liti, kapena chifukwa chake anasiyira sukulu pa Sitandade 6.

Nanga amasiye? Chilowereni lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye, kulanda katundu wa mayi wofedwa ndi ana ake ndi mlandu. Koma maliro akangotha, kwaya itaimba bwinobwino, achibale omwe ananyamula mtanda kutsogolo kwa bokosi ndi amene amayamba kuwerenga malata ndi mbuzi. A mphakati timaona, timangoti ndi za pabanja.

Pali ena amene amati Mpingo usiye zonsezi uzingolalikira za kumwamba. Ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Yesu atalowa m'sunagoge ku Nazarete, pa Luka 4, anasankha yekha mawu a Yesaya onena za Mthenga Wabwino kwa amphawi ndi kumasulidwa kwa oponderezedwa. Papa Leo XIII analemba za malipiro oyenera a anthu apantchito kale mu 1891. Choncho Aepiskopi apitirize kulemba, a CCJP, bungwe la Mpingo loona za chilungamo ndi mtendere, apitirize kufunsa za mankhwala osowa m'zipatala ndi za ndalama za boma zobedwa, ndipo boma lililonse, la chipani chilichonse, limve. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anamva ululu woyamba ndi amene amagula sopo ndi mchere wa tsiku limodzi, ndipo Mpingo ukanakhala chete pa zotere ukanalakwa. Chimene ndikukana n'chakuti tiziwomba m'manja kalata ikakhudza nduna, koma ikafika pakhomo pathu tizisuzumira pansi. Ndiponso maparishi athu ali ndi alonda, ophika ndi makatekisiti. Makomiti a zachuma aziyamba ayang'ana malipiro a anthu amenewa asanakambe zogula matailosi a m'tchalitchi.

Zakeyo, pa Luka 19, sanangomva chisoni mumtima. Anati theka la chuma chake apatsa amphawi, ndipo amene anamubera amubwezera kanayi. Apo m'pamene Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumba imeneyi. Ife tazolowera kulapa zaukali ndi zojomba ku Misa, koma ndi angati amalowa kwa bambo mfumu n'kunena kuti sikelo yanga ndinaipotoza, wantchito wanga ndili naye ngongole ya miyezi iwiri, munda wa mlamu wanga wamasiye ndikulima ndine?

Pempho langa kwa atsogoleri a miphakati ndi ili: pa Lenti ino, patulani msonkhano umodzi muwerenge Amosi 8 ndi Yakobe 5, kenaka mufunsane maso ndi maso za malipiro a antchito anu ndi za mitengo imene mudzagulire mbewu chaka chino. Antchitowo muwaitanenso, akhale nawo pa mkeka womwewo ndipo apatsidwe mpata wolankhula.